Anthu anu onse akufanana nkhope? Yambirani pa nsagwada

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a ku Chiputula, konkuno ku Mzuzu, omwe akujambula kabuku ka makatuni ka ana. Atumiza zithunzi zitatu ndi funso ili: "Anthu anga onse akuoneka ngati a bere limodzi, chowasiyanitsa ndi tsitsi ndi zovala basi. Ndikati ndiwaseketse, mano amatuluka ngati mizere ya chimanga, mpaka ana akuti akuopsa. Ndichite chiyani?"

Achemwali, zithunzi zanu ndaziyang'anitsitsa. Dzanja muli nalo, mzere wanu sunjenjemera. Koma vuto lomwe mukuliona pakamwa likuyambira kutali. Mutu uliwonse mukuuyamba mofanana: chozungulira, kachibwano kosongoka, maso aakulu, kamphuno ka kadontho, monga zimakhalira m'makatuni ambiri a ku Japan amene timaona pa foni. Pomwe mukufika pojambula pakamwa, agogo, mphunzitsi ndi kamnyamata omwe ali m'zithunzi zanu amakhala atafanana kale. Ngakhale mutawapatsa mano osiyana chotani, ubale wawo sungabisike.

Yambirani pa nsagwada. Gwirani kutsogolo kwa khutu lanu ndi chala, kenaka yasamulani. Mumva fupa likuyenda pamenepo. Ndi nsagwada ya m'munsi yokha imene imayenda. Mano a m'mwamba anamerera pa fupa lolumikizana ndi chigaza, sasuntha. Ndiye munthu wanu akamakuwa, chibwano chitsike, nkhope italike, masaya aphwe, koma mphuno ndi mano a m'mwamba zikhale pomwe zinali. Pa chithunzi chanu chachiwiri mphunzitsi akukalipa, koma pakamwa patsegukira m'mwamba mpaka kudya malo a mphuno, chibwano chili phee. N'chifukwa chake ukali wake sukumveka.

Nsagwada yomweyo ndi imene imasiyanitsa anthu. Wina ndi yotambalala, wina yaitali yopyapyala, wina chibwano chinabwerera m'mbuyo, wina chinatsogola. Onaninso mtunda wochokera pamphuno kufika pa mlomo wa m'mwamba. Ndi kamalo kakang'ono koma kamasintha munthu kwambiri: mukakafupikitsa amaoneka mwana, mukakatalikitsa amaoneka wamkulu, nthawi zina wokhwimitsa zinthu. Mukatha, detsani mutu wonse ndi inki kuti patsale mthunzi wokha, muonetse mwana wa m'nyumba. Akalephera kutchula kuti uyu ndi agogo, uyu ndi mphunzitsi, bwererani pa nsagwada musanakhudze n'komwe maso.

Nkhope zoti muphunzirepo zadzaza mu Mzuzu muno. Tengani kope ndi pensulo mukakhale penapake kudepoti m'mawa. Yang'anani mnyamata woitanira minibasi ya ku Ekwendeni kapena ku Nkhata Bay: pakamwa pamapotokera mbali imodzi, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo, diso limodzi litatsinzinira pang'ono. Pitani ku Zigwagwa muone mayi wogulitsa tomato akamakana mtengo womwe wogula watchula, mlomo wa m'munsi utatuluka, nsidze zili m'mwamba. M'miyezi ya June ndi July yang'anani a kabaza m'bandakucha, milomo itapanikizana ndi chisanu, khosi litalowa m'mapewa. Zimenezi simungazipeze pokopera katuni ya wina. Chokhacho, musatenge nkhope yonse ya munthu wodziwika kwanuko n'kukamuseketsa nayo ana. Tengani chibwano kwa uyu, milomo kwa uyo, mupange munthu wanuwanu.

Tsopano mano, pomwe pagona dandaulo lanu. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, mwana wamng'ono 20, koma posekerera amaoneka ochepa chabe akutsogolo, makamaka a m'mwamba. Inu mukujambula mizere iwiri yathunthu, dzino lililonse lofanana ndi linzake, lililonse lotchingidwa ndi mzere wakuda kuyambira pankhama mpaka kunsonga. Mzere wakuda uliwonse diso limauwerenga ngati mpata kapena litsiro. Mano a munthu wamoyo amagundana, pakati pawo pamangokhala kamthunzi kochepa. Choncho jambulani mano onse ngati chinthu chimodzi choyera, ndipo malire a mano muwasonyeze ndi timizere tifupitifupi pankhama kapena kunsonga, tosafika mbali inayo. Nthawi zambiri tiwiri kapena titatu takwana.

Chachiwiri, mano sanayalidwe pa thabwa, anazungulira. Kuti dzanja lizolowere, tengani kapu yoyera, mulembepo timabokosi tofanana mozungulira ndi pensulo, muiike patebulo muyang'ane. Tapakati tikuoneka tatikulu, tam'mbali tikupyapyala mpaka kubisika. Ndi momwemo m'kamwa. Onjezaninso kuti mano awiri apakati a m'mwamba ndi otambalala kale kuposa oyandikana nawo, ndipo a m'munsi ndi aang'ono. Kumathero kwa milomo siyani kamdima mbali zonse ziwiri. Kamdima kameneko ndi kamene kamauza diso kuti m'kamwa muli kuya.

Mukafuna kuti mano azindikiritse munthu, sankhani chinthu chimodzi chokha. Mpata pakati pa mano akutsogolo, dzino lobenthuka, lina lokwera pa linzake, kapena gweru. Bugs Bunny, kalulu uja wa makatuni a ku America yemwe anatchuka mu 1940, amadziwika ndi mano awiri okha otulukira kutsogolo, ena onse sitiwafunsa n'komwe. Msinkhu nawo ukuthandizani. Mano oyamba amayamba kuguluka mwana akafika zaka 6 kapena 7, ndipo amayambira akutsogolo. Atsopano akamera amaoneka aakulu kuposa nkhope, chifukwa dzino limatuluka ndi kukula kwake pomwe nkhope ikadakula. Kamnyamata kanu ka Sitandade 2 kapatseni gweru kapena mano awiri aakuluwo, ana akazindikira msanga ngati mnzawo. Kwa agogo zimatembenuka: munthu akamakalamba mlomo wa m'mwamba umatsika, ndiye polankhula amaonetsa kwambiri mano a m'munsi. Ngati mano anatha, milomo imalowa m'kati ndipo chibwano chimayandikira mphuno. Ajambuleni mwaulemu, makwinya ochepa ozungulira milomo, osati kuwasandutsa mfiti ya m'nthano.

Za kuopsa kuja, mano sali okha. Anthu anu akuseka ndi pakamwa pomwe maso ali tong'o. Dokotala wina wa ku France, Duchenne de Boulogne, anasonyeza mu 1862 kuti kusekerera kochokera mumtima kumagwiritsa ntchito minofu iwiri: wokoka milomo m'mwamba ndi wozungulira diso. Masaya amakwera, amakankha chikope cha m'munsi, diso limachepa, m'mbali mwake mumabwera timakwinya. Mano onse pamtunda, maso otseguka kwathunthu, imeneyo ndi nkhope ya mantha kapena ya chiopsezo, ndipo ana anu aiwerenga molondola. Kwezani masaya, dulani maso m'munsi ndi kamzere kopindika, muona kusintha pompo. Kuti mukhulupirire mphamvu ya kumtunda kwa nkhope, onani Gromit, galu wa dongo wopangidwa ndi Nick Park wa ku England. Alibe pakamwa, koma chisoni, kudabwa ndi kutopa kwake zonse zimamveka kudzera m'maso ndi pachipumi.

Pali china chimene chimandikhudza kwambiri, ndipo ndikupemphani muchisamale. Makatuni akale a ku America ndi ku Ulaya ankajambula munthu wakuda ndi milomo yaikulu yofiira kapena yoyera yozungulira pakamwa ponse, mwachipongwe. Kajambulidwe kameneko kakadapezeka m'zithunzi za pa intaneti, ndipo wophunzira amatha kukatola osadziwa kumene kanachokera. Ana athu asadzione choncho m'buku lojambulidwa ndi mlongo wawo. Milomo yathu ndi yamitundumitundu, yokhuthala ndi yopyapyala yomwe, ndipo njira yoijambulira bwino ndi yosavuta. Mzere wolimba ukhale umodzi, wa pakati pomwe milomo imakumana. Mlomo wa m'mwamba udereko pang'ono chifukwa umayang'ana pansi, wa m'munsi usiyireni powala, kenaka kamthunzi kakafupi pansi pake. Musazungulize milomo yonse ndi mzere wakuda. Ndipo ngati kabukuka mudzakachulukitsa pa fotokope, khungu musalidetse kwambiri ndi pensulo, makina amaphatikiza zonse n'kukhala chimdima chimodzi, nkhope n'kusowa.

Mwatchulanso kuti tsiku lina mukufuna anthuwa adzayende ndi kulankhula pa kompyuta. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, koma poyambira ndi pagalasi. Nenani a, e, i, o, u mukudziyang'ana, kenaka "mbuzi" ndi "fodya". Pa m, b ndi p milomo imatsekeka, pa f ndi v mlomo wa m'munsi umagunda mano a m'mwamba. Ojambula ambiri amagwira ntchito ndi mapakamwa ochepa otere, n'kumawabwereza.

Pakadali pano chitani ichi. Munthu aliyense mumpatse pepala lakelake. Mumjambule kutsogolo, cham'mbali pang'ono, ndi m'mbali kwenikweni, kenaka pansi pake pakamwa potseka, posekerera, pokuwa, polira ndi potafuna. Lembani pambali kuti gweru lili kumanzere kapena kumanja kwake, chifukwa pofika tsamba 20 mudzakhala mutaiwala, ndipo ana amaona msanga dzino likasamuka. Yambani ndi agogo ndi kamnyamata kaja, poti ndiwo otalikirana msinkhu, mukatha munditumizirenso ndione nsagwada zawo.