Musataye best fit chifukwa cha FunSearch

Achimwene, musachotse best fit (njira yoika katundu aliyense mu lole imene akukwanamo mothina kwambiri) m'pulogalamu yanu yopakira katundu m'malole chifukwa chongomva kuti FunSearch, pulogalamu ya AI imene imadzilembera yokha njira zatsopano, inaiposa. Kuiposa inaiposadi: akatswiri a Google DeepMind anafalitsa zotsatira zawo m'magazini ya Nature mu Disembala 2023, ndipo njira imene kompyuta inadzilembera inawononga malo ochepa kusiyana ndi first fit (kuika katundu pamalo oyamba amene akukwanapo) komanso best fit pa mayeso odziwika otchedwa OR-Library ndi pa katundu wongopeka amene kukula kwake kunasankhidwa motsata njira ya masamu yotchedwa Weibull. Nzeru yake inali yakuti katundu alowe m'bokosi lothina (kwa ife bokosi ndi lole) pokhapokha ngati akulidzaza pafupifupi lonse, apo ayi apite kumene kutsale malo aakulu, kuti pasamatsale timipata topanda ntchito. Koma nzeru imeneyo imadalira kukula kwa katundu amene kompyuta inayeserapo.

Kumene ndinkagwira ntchito, abwana analemba ganyu katswiri wina wakunja amene anatipangira njira yotere pogwiritsa ntchito malekodi a miyezi imene malonda amakhala ozizira, pamene timatumiza timakatoni tating'ono tolemera mofanana. Titamuchenjeza kuti nyengo ya Khirisimasi kumabwera mafiriji, majenereta ndi matumba a simenti, anatiyankha monyoza kuti kompyuta yayesa njira zambirimbiri zimene ife sitingaziganize, ndipo analandira ndalama zake n'kupita. Usiku wina mu Disembala katundu wolemera anayamba kufika motsatizana, pulogalamu n'kumaitanitsa lole yatsopano pomwe zina zinali zisanafike ndi theka lomwe, poyembekezera timakatoni timene sitinkabwera. Malo onse opakirapo anadzaza ndi malole otsegula zitseko, ena anandanda mpaka kunja kwa geti, madalaivala akuimba mabelu, ndipo anyamata onyamula katundu anaima ndi firiji m'manja osadziwa kolowera chifukwa sikirini inkawalozera lole imene inalibe poima. Foni ya katswiri uja inali yozimitsa. Kutacha, abwana omwe anasaina pangano lija anakalipira ife pamaso pa madalaivala, ndipo mpaka lero sanavomerepo kuti tinawachenjeza.

Chimene chimandipweteka n'chakuti best fit ili ndi chitsimikizo chimene chinadziwika kuyambira m'zaka za m'ma 1970, pa ntchito ya David Johnson ndi anzake: zinthu zitavuta chotani, mabokosi amene ingagwiritse ntchito sapitirira pafupifupi 1.7 kuchulukitsa ndi amene akanafunikadi. Palibenso njira iliyonse yopakira katundu akangofika, osadziwa zimene zikubwera, imene ingatsimikize kutsika kuposa pafupifupi 1.54. Njira yolembedwa ndi kompyuta imabwera popanda chitsimikizo chotere, imangobwera ndi malikisi a mayeso amene inapatsidwa.

Komabe yesani ndithu, pakuti ineyo nditapatsidwa mpata lero ndikhoza kuigwiritsa ntchito, ndipo lingaliroli si lachilendo: Edmund Burke ndi anzake ku Nottingham ankapanga kale njira zotere mu 2006 ndi genetic programming, luso limene kompyuta imasinthasintha timapulogalamu n'kumasunga togwira bwino ntchito. Ipatseni malekodi a chaka chonse motsata mmene katundu ankafikira, osawasakaniza, ndipo muwerenge nokha kachidutswa ka pulogalamu kamene yalemba m'chinenero cha kompyuta cha Python, popeza kamakhala kakafupi. Muikenso lamulo lakuti malole osadzaza akachuluka kuposa malo opakirapo amene muli nawo, pulogalamu ibwerere yokha ku best fit, ndipo aliyense wokupangirani ntchitoyi asalandire ndalama zonse Disembala asanathe.