Kwa mnyamata wa ku Chikanda amene wafunsa za uphungu wa pa foni

Imelo yako ndinaiwerenga usiku womwewo mphwanga, koma sindinathe kuyankha msanga chifukwa yandikhudza pamalo pomwe ndimaganiza kuti panapola kalekale. Kwa ena amene mukuwerenga, ndi mnyamata wa chaka chachiwiri ku yunivesite ya UNIMA ku Zomba, amakhala ku Chikanda komwe kumakhala ophunzira ambiri pafupi ndi kampasi, akuti tulo sakupeza, akatsegula buku mutu umangozungulira, nde akufunsa ngati therapy ya pa intaneti ndi yeniyeni kapena ndi njira chabe yodyera anthu ndalama. Kumapeto anawonjezera kuti kuchipatala sangapiteko, Zomba ndi yaing'ono, anthu amuona.

Mawu omalizawo ndi amene andilembetsa zonsezi.

Zomba ndi yaing'onodi, zimenezo sindikukutsutsa. Ukatsika kuchokera ku kampasi ku Chirunga kupita mtauni, usanafike pa depoti wakumana kale ndi anthu a mkalasi mwako, wa kabaza amene amakunyamula akukudziwa dzina, mayi ogulitsa mandasi amadziwa kuti sabata ino ulibe ndalama. Ndipo chomvetsa chisoni nchakuti chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo mdziko muno chili pompo, Zomba Mental Hospital, anthu amachokera kutali kudzalandira thandizo pamenepo, koma wophunzira amene akugona pafupi sangayerekeze nkomwe kuyang'ana geti lake. Tonse tinakula tikumva anthu akuopsezana kuti iwe tikupititsa ku Zomba. Manthawa ali ndi kochokera. Chisamaliro cha odwala maganizo kuno chinayambira mkati mwa ndende ya Zomba mu 1910 nthawi ya atsamunda, odwala amasungidwa ngati akaidi, chipatala chapachokha chinadzatsegulidwa mu 1953. Agogo athu anaona zimenezo, anauza makolo athu, makolo anatiuza ife, nde ndi izi lero mnyamata wanzeru zake akuvutika yekha mchipinda kuopa kuonedwa.

Ineyo zinandigwira ndili chaka chachitatu, nthawi imeneyo ikadali Chancellor College, Chanco, asanaigawe yunivesite ija mu 2021. Kwathu ndinali woyamba kufika ku koleji. Tsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka pa msewu, azakhali anandipatsa nkhuku, agogo anandigwira mutu nkupemphera. Chaka chimenecho fodya wa bambo sanayende bwino ku okushoni, fizi inatsalira, ndipo ndinali ndi sapu, mayeso obwereza ukalephera, pa kosi imodzi. Amene anadutsa pa Chanco akudziwa mmene mawu oti kuwidedwa, kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera, amazizilitsira mmimba. Sindimaopa kulephera kwenikweni, ndimaopa ulendo wobwerera, kutsika basi pa msewu womwe uja ndi chikwama chomwe chija, anthu nkumafunsa kuti bwanji sukulu yatsekera kale?

Ndinayamba kudzidzimuka pakati pa usiku mtima ukugunda ngati ndathamanga, thukuta, manja kunjenjemera. Ndinapita pa kiliniki ina, anandiyeza malungo sanapezeke, BP ili bwinobwino, ndinabwerako ndi panado. Kenako ndinasiya kulowa mkalasi. Mmawa ndimavala bwinobwino, kunyamula chikwama kuti mesho, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, asadabwe, nkukwera mtunda mpaka ku Botanic Gardens, kukhala pamwala mphepete mwa Mulunguzi mpaka dzuwa kupendeka. Sindimawerenga, sindimalira, ndimangokhala. Nsima ya usipa yomwe timaphika pa hotipuleti ndimangoigwiragwira nkuisiya. Nditayesa kuuza amalume pa foni anandiyankha mwachikondi ndithu kuti mwamuna salira, limba mtima, tonse tikudalira iwe. Sanadziwe kuti mawu oti tikudalira iwe ndi amene amandiphwanya. Ku felosipu anati ndisale kudya ndi kupemphera kwambiri, munthu amene ndinali kale wosadya. Pemphero sindikulinyoza ayi, mpaka lero ndimapemphera, koma munthu wothyoka mwendo timamupempherera uku tikupita naye kukamanga pulasitala.

Amene anandipulumutsa ndi mesho. Tsiku lina anangotseka chitseko nkunena kuti aise, nsapato zako zimabwera ndi matope ofiira, mkalasi mulibe matope, ukumapita kuti? Ndinamuuza zonse. Iyeyo amadziwana ndi nesi wina wa matenda a maganizo amene amapemphera naye tchalitchi chimodzi, anatilandira pakhonde pa nyumba yake madzulo, anandimvetsera nthawi yaitali osandidula, nkundiuza kuti matendawa ali ndi dzina, ndi ofala, ndipo amachizika. Ndinkaganiza kuti ndikupenga kapena andilodza kumudzi. Kungomva kuti ena amadwalanso chomwechi nkuchira kunandimasula pakhosi.

Za pa foni ndinadzazidziwa mu 2020 nthawi ya Covid, ntchito itachepa, ndili ndi banja tsopano, zija zinabwereranso. Mnzanga anandipatsa nambala ya mayi wina phungu amene anaphunzira ku koleji ya St John of God ku Mzuzu. Ndinakayika ngati mmene ukukayikira iwemu, ndimati munthu wosandiona nkhope angandithandize bwanji. Timayankhulana pa WhatsApp kamodzi pa sabata. Nyumba yathu inali yaing'ono nde ndimakakhala kuseri pa ndowa yovundikira, mahedifoni mmakutu, nkhuku za aneba zikudutsa. Ulendo woyamba anandifunsa mafunso asanu ndi anayi oyezera kukhumudwa otchedwa PHQ-9, za tulo, za kudya, za kutopa, ngati ndimadziona wolephera, mpaka funso lomaliza lija loti kodi pena mumaganiza kuti bola kufa. Anafunsa mosazungulira, mawu ake osasintha, ndipo chifukwa sanachite mantha inenso sindinachite mantha kuyankha. Kenako anandipatsa ntchito. Ndigule kakope, ganizo likabwera usiku ndililembe mmene labwerera, mmawa ndilembe pansi pake umboni woti ndi loona ndi umboni woti si loona. Ndinalemba kuti banja langa ligona ndi njala chifukwa cha ine. Mmawa kuyang'ana, mnyumba muli thumba la chimanga, mkazi wanga akugulitsa zitenje, lendi ya mwezi umenewo ndalipira. Sikuti mavuto anatha, ndalama zinali zochepabe, koma ndinayamba kusiyanitsa vuto lenileni ndi chilombo chomwe mutu umapanga usiku. Njira imeneyi ndi imene amaitcha CBT, ndipo akafukufuku anapeza kuti pa nkhawa ndi kukhumudwa kosafika poipitsitsa imagwira ntchito olo pa foni kapena pa vidiyo, bola pali munthu wophunzira akukutsogolera. Netiweki ikaduka, poti imaduka ndithu makamaka magetsi akazima, amandiimbira pa laini wamba nkupitiriza pomwe tinalekezera.

Nde yankho ndi lakuti eya, ndi yeniyeni. Koma apa ndiye ndiuma nawo mtima pang'ono, chifukwa zimene zikutchedwa therapy pa intaneti masiku ano zambiri si zimene ndafotokozazi.

Ma app akunja aja amene amakutulukira pa YouTube, iwe asiye. Choyamba amalipiritsa mmadola, ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, ndalama ya sabata imodzi kumeneko ndi chakudya chako cha nthawi yaitali ku Chikanda, ungowonjezera sitiresi ina pamwamba pa inzake. Chachiwiri chinsinsi chomwe ukuchifunacho sichotsimikizika. Mu 2023 bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linalamula BetterHelp, imodzi mwa ma app a uphungu amenewa, kulipira madola 7.8 miliyoni chifukwa chopereka zambiri za makasitomala ake kwa makampani ngati Facebook ndi Snapchat kuti azitsatsira malonda. Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu kwa ine, munthu wa ku Texas olo akhale wophunzira chotani, ukamuuza kuti abale onse akudalira iwe akuuza kuti uziika malire, uziyamba kuganiza za iwe mwini. Sakudziwa kuti fizi yako inachokera mmbuzi zomwe amayi anagulitsa, kuti mng'ono wako anasiyira folomu 2 kuti iwe upitirize. Malire ake ati pamenepo? Mayi phungu wanga uja amadziwa zimenezi osamufotokozera, ndipo ndikafika povuta Chingerezi chimandithawa, ndimangoyankhula Chichewa, iye nkumandimva. Zowawa zenizeni zimatuluka mchiyankhulo chomwe unalilira uli mwana.

Komanso kuli anthu odzitcha ma life coach pa Facebook ndi TikTok, suti yabwino, mawu okoma, tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba tiyambe. Ena ndi a mtima wabwino, koma mtima wabwino pawokha sungazindikire kuti mnyamata uyu wafika pofunika mankhwala, kapena kuti kusagona kwake kukuchokera ku chamba, kapena kuti ali pangozi usiku uno. Ndimakwiya nazo kwambiri zimenezi chifukwa amene amagwa mmanja mwawo ndi ana ngati iwe amene mwalimba mtima kufuna thandizo koyamba, mukakhumudwa pamenepo simudzayesanso. Ma chatbot nawonso ndikudziwa kuti ambiri mukucheza nawo usiku, akhoza kukuthandiza kuyala maganizo, koma sangabwere kudzagogoda pachitseko chako.

Ndisanaiwale, musamaganize kuti uphungu ndi za azungu kapena za anthu a ndalama. Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006 ku Harare, anaphunzitsa agogo aakazi wamba kukhala pa benchi panja pa kiliniki nkumamvetsera anthu, kuwathandiza kusankha vuto limodzi ndi kulipezera njira. Kafukufuku wake anatuluka mu magazini ya madokotala ya JAMA mu 2016, anaonetsa kuti anthu amapezadi bwino, ndipo njirayi inafika kuno ku Malawi. Za thandizo la pa foni nazonso si zachilendo, Chipatala cha pa Foni chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo amayi akumudzi akhala akuimba osachita manyazi. Pulofesa Chiwoza Bandawe wakhala akulemba za umoyo wa maganizo munyuzi zaka zambirimbiri. Anthu odziwa alipo, kungoti ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi mmene tachulukira, ndipo ine ndimaona kuti makoleji athu onse, a boma ndi omwe si a boma, akanayenera kuika aphungu okwanira ndi nambala yoti wophunzira atha kulemba uthenga mwakachetechete, makamaka nyengo ya mayeso ndi pamene ngongole za ophunzira zochokera ku Loans Board zikudikiridwa. Timamanga mahositelo ndi malaibulale, nzabwino, koma mwana amene sanagone sabata yonse laibulaleyo imuthandiza chani.

Chomwe sindikufuna mphwanga ndi chakuti foni ikhale njira ina yobisalira. Ine ndinabisala pamwala paja, iwe ukhoza kubisala mmahedifoni, mesho osadziwa, kwanu osadziwa, aliyense osadziwa. Uphungu wa pa foni uyambire pamenepo poti ndi pomwe ungakwanitse lero, koma pakhale munthu mmodzi mu Zomba momwemo amene akudziwa kuti sukupeza bwino.

Tsono upange chiyani

Yamba ndi zaulere. Bungwe loona za achinyamata la YONECO likulu lake lili mu Zomba momwemo ndipo ali ndi nambala yaulere ya 116 ya ana ndi achinyamata, ukhoza kuyamba poimba pamenepo osaonedwa ndi aliyense, akulozera koyenera. Funsanso ku ofesi yoona za ophunzira pa kampasi za phungu, ndipo ngati nkhani ndi fizi kapena sapu ukanene msanga zisanafike poipa, maofesi amenewa amathandiza bwino munthu akabwera nthawi ikadalipo. A St John of God, omwe amathandiza odwala maganizo, ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ukhoza kuwafunsa ngati angakulumikize ndi phungu wa pa foni. Aliyense amene ungamupeze pa intaneti umufunse anaphunzira kuti, ngati akuti ndi dokotala kapena clinical officer akhale wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, mugwirizane mtengo musanayambe, ndipo umufunse kuti zikavuta usiku akutumiza kuti. Amene akwiye ndi mafunso amenewa musiye. Vidiyo imadya bandulo, mawu okha ndi okwanira. Peza malo ako, olo kuseri kwa kalasi Loweruka, ndipo foni ikhale ndi loko.

Koma ngati padutsa masabata awiri ukungokhala wokhumudwa tsiku lonse, sukudya, zomwe umakonda sizikukusangalatsanso, pamenepo pakufunika akuone maso ndi maso, mwina ufunika mankhwala ngati fluoxetine kapena amitriptyline, ndipo amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira nde usadzawasiye panjira. Anthu ambiri amangoonedwa nkubwerera kwawo tsiku lomwelo, sagonekedwa. Ndipo ngati ganizo lodzipha labwera, olo kamodzi, usadikire tsiku la phungu, dzutsa mesho usiku womwewo mupite limodzi ku Zomba Central Hospital, ukanene mmene wandiuzira inemu. Undilembere sabata yamawa undiuze ngati waimba, komanso amene wamuuza ndi ndani.