Mzere wa 200 uli pati m'fayilo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene akudziphunzitsa Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta. Ali ndi fayilo ya miyambi 365, mwambi uliwonse pamzere wake, ndipo akufuna kuti pulogalamu yake izionetsa mwambi wa tsikulo: tsiku la 200 m'chaka, mzere wa 200. Analemba `readlines()[200]` (`readlines()` imawerenga mizere yonse ya fayilo n'kuiika pamndandanda) koma ukutuluka ndi mwambi wa mawa lake. Kenako anafunsa kuti, "Kodi palibe njira yongodumphira pamzere umene ndikufuna, osawerenga fayilo yonse?"

Achimwene, vuto loyambalo ndi laling'ono. Python amawerenga zinthu za pamndandanda kuyambira pa 0, pamene ife timayambira pa 1. Mzere woyamba ndi `[0]`, choncho wa 200 ndi `[199]`. Chotsani 1 basi. Aliyense amene analembapo pulogalamu anapunthwapo pamwala umenewu, ine ndemwe kangapo konse.

Funso lachiwiri ndiye lili ndi nyama. Mukatsegula fayilo mu Notepad mumaona mizere itandandalikana bwinobwino, koma pa disiki sizili choncho. Fayilo ndi chingwe chimodzi chachitali cha mabayiti, timanambala timene kompyuta imasungiramo zilembo, ndipo pamene mzere wathera pali mfundo, kachizindikiro kamene timalemba `\n`, bayiti ya nambala 10. Windows amamanga mfundo yake ndi ziwiri, `\r\n`. Tsono miyambi sifanana kutalika. "Fodya wako ndi uyo ali pamphuno" ndi waufupi, ina imatenga mzere wonse. Mfundozo zili motalikirana mosiyanasiyana, ndipo palibe pamene panalembedwa kuti mfundo ya 199 ili pakutipakuti. Kompyuta iyenera kugwira chingwecho kuyambira kunsonga, n'kumawerenga mfundo imodziimodzi mpaka itafika. Njira iliyonse imene mungaione pa intaneti ikuchita zomwezi, kungoti zina zimabisa.

Kwa fayilo yanuyi, musadzivutitse. Mizere 365 ndi kanthu kochepa kwambiri, kompyuta imaimeza musanaphethire. `readlines()` ndi yokwanira. Ngati mukufuna zooneka bwino, Python amabwera ndi `linecache`:

```
import linecache
mwambi = linecache.getline("miyambi.txt", 200).strip()
```

Iyi imawerenga kuyambira pa 1, ngati munthu. Koma muidziwe khalidwe lake. Imalowetsa fayilo yonse mu memori, momwe kompyuta imaikamo zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo, n'kuisunga, moti mukasintha fayiloyo pulogalamu ili mkati moyenda, izikupatsanibe zakale mpaka mutaitana `linecache.checkcache()`. Ntchito yake yeniyeni ndi yothandiza Python kuonetsa mzere wa khodi umene walakwika, enafe timangoibwereka.

Nkhani imasintha fayilo ikakula, tinene ya magigabayiti angapo pa laputopu ya memori yochepa. Apo `readlines()` idzaumitsa makina. Chofunika n'kuyenda mzere umodziumodzi, n'kuima mukafika:

```
with open("miyambi.txt", encoding="utf-8") as f:
    for nambala, mzere in enumerate(f, start=1):
        if nambala == 200:
            print(mzere.strip())
            break
```

Pano memori imangosunga kachigawo kochepa ka fayilo nthawi iliyonse, ndipo `break` imakupulumutsani kuwerenga zotsalazo. Ena amakonda `itertools.islice`, imene imachita zomwezi m'mawu ochepa. Ine ndimakonda `enumerate` chifukwa ndikabwerera ku khodiyo patapita miyezi, ndimaimva msanga. Pa Linux kapena Mac simufunikanso Python: `sed -n '200p' miyambi.txt` imatulutsa mzerewo.

Mwaona ndalemba `encoding="utf-8"`? Encoding ndi njira imene zilembo zimasandutsidwira mabayiti, ndipo kwa ife olemba Chichewa zimenezi n'zofunika. Ngati m'fayilo yanu muli chilembo ŵ, monga mu Malaŵi, dziwani kuti mu UTF-8 chimatenga mabayiti awiri. Pa makompyuta ambiri a Windows, mukapanda kutchula encoding, Python amatsegula fayilo ndi encoding ina yotchedwa cp1252, ndipo ŵ wanu amasanduka Åµ. Pulogalamu siidandaula n'komwe, imangosindikiza zonyansazo.

Ndiye kudumpha kuja n'kosatheka? N'kotheka, koma muyenera kudziwiratu malo. Pali `seek()`, imene imakufikitsani pa bayiti iliyonse nthawi yomweyo. Vuto n'lakuti imadziwa mabayiti, mizere siidziwa. Mizere yonse ikanakhala yofanana, tinene mabayiti 80 uliwonse kuphatikizapo mfundo ija, bwenzi mukungochulukitsa 199 ndi 80 n'kudumphira pamenepo. Poti siyofanana, muyende fayiloyo kamodzi kokha n'kulemba pamene mzere uliwonse wayambira:

```
malo, pano = [], 0
with open("miyambi.txt", "rb") as f:
    for mzere in f:
        malo.append(pano)
        pano += len(mzere)
    f.seek(malo[199])
    print(f.readline().decode("utf-8").strip())
```

Taonani `"rb"` ameneyo. Tikutsegula fayilo ngati mabayiti, chifukwa tikawerenga zilembo, ŵ aliyense atisocheretsa ndi bayiti imodzi, `\r\n` ya Windows nayonso chimodzimodzi, ndipo tidzatera pakati pa mwambi wina. Mndandanda wa `malo` mukhoza kuusunga n'kumaugwiritsa ntchito maulendo zikwizikwi, bola fayilo isasinthe. Mukangowonjezera chilembo chimodzi kumtunda, manambala onse a m'munsi aonongeka. Kunena zoona, mukafika pofuna zimenezi kawirikawiri, fayilo ya mawu wamba yakuchepelani. Samutsirani zinthu zanu mu SQLite, pulogalamu yosunga zinthu m'matebulo, imene imabwera kale ndi Python pansi pa dzina la `sqlite3`, muipatse nambala ikupatseni mwambi.

Chomaliza ndi chimene simunafunse. Nambala ya tsiku mukhoza kuipeza ndi `date.today().timetuple().tm_yday`, ndipo imayambira pa 1, choncho imagwirizana ndi `linecache` popanda kuchotsa kanthu. Koma chaka cha 2028 chili ndi masiku 366, monga chinalili 2024. Pa 31 Disembala chaka chimenecho pulogalamu yanu idzapempha mzere wa 366, umene kulibe. `readlines()` idzakuwa ndi IndexError, uthenga woti mwapempha malo amene kulibe pamndandanda, pamene `linecache` idzangobweza mawu opanda kanthu mwakachetechete, owerenga anu n'kuona tsamba loyera. Pitani kwa agogo mukapemphe mwambi wina umodzi, muuike pamzere wa 366.