Msuzi wa tchizi safuna moto waukali

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake msuzi wanu wa tchizi umatuluka wamchengamchenga, mafuta atayandama pamwamba, komanso chifukwa chake kirimu amadula mukangomuthira mu supu ya matimati. Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi, ndipo nanenso ndinataya zakudya zambiri ndisanalitulukire. Mkaka ndi zonse zochokera ku mkaka zimadana ndi zinthu ziwiri: moto waukali ndi zowawasa.

Mu mkaka muli puloteni yotchedwa casein. Ikakumana ndi zowawasa monga matimati, mandimu kapena viniga, imagwirana n'kupanga timibulu, madzi n'kupatuka paokha, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Tchizi naye akawira, puloteni yake imakhwinyata n'kufinyira mafuta kunja. Mchenga umene mukuumva pa lilimewo ndi puloteni yomweyo.

Ndiye poyamba siyani kuponya tchizi mu mkaka wowira. Yambani ndi msuzi woyera. Sungunulani magalamu 50 a batala pa moto wochepa, muthiremo magalamu 50 a ufa wa tirigu, mutakase kwa mphindi ziwiri kuti fungo la ufa wauwisi lichoke. Kenako muzithira mkaka wokwana theka la lita pang'onopang'ono, dzanja lisaime. Apa m'pamene ambiri timalakwira chifukwa chopupuluma: tikakhuthulira mkaka wonse nthawi imodzi mibulu imadzaza. Msuzi ukalimba moti ukumata kumbuyo kwa supuni, phulani poto. Ndikubwereza, phulani. Tchizi amalowa poto ali pansi, wopalapala, chikhatho chimodzi nthawi imodzi, china chikulowa choyambacho chitasungunuka. Kutentha kotsalira mu msuzimo n'kokwanira. Ufa uja ntchito yake si kulimbitsa kokha, umatchinganso puloteni kuti isagwirane.

Mtundu wa tchizi nawo uli ndi mbali yake. Cheddar wosakhalitsa amasungunuka bwino kuposa wokhwima kwambiri. Mozzarella ndi wonyumbuluka, malo ake ndi pamwamba pa chakudya chopita mu uvuni, mu msuzi amangopanga zingwe. Parmesan ndi wouma komanso wamchere, mungowaza pang'ono pomaliza. Ine wopalidwa kale wa m'mapaketi sindimukonda mu msuzi, chifukwa kawirikawiri amamuwaza sitachi kapena ufa wina kuti asamatane, ndiye sasalala ngati amene mwapala nokha. Mchere muzithira mutalawa kaye, poti tchizi amabwera ndi wake.

Za supu ya matimati zija, chinsinsi chili pa mafuta. Kirimu wokhala ndi mafuta 30 peresenti kapena kuposa amapirira ngakhale supu itabwata pang'ono, koma kirimu wopepuka, mkaka wamba ndi yogati zimadula msanga. Psetsani matimati kaye, muphule, mutunge supu yotenthayo supuni zingapo n'kusakaniza ndi kirimu m'kapu kuti afunde, kenako mubwezere zonse mu poto. Ngati muli ndi yogati yekha, musakanizeni ndi tiyisupuni imodzi ya cornflour (sitachi wa chimanga, osati ufa wa nsima) pa kapu iliyonse musanamuthire, ndipo supuyo isawirenso.

Ku zotsekemera lamulo ndi lomweli, ndipo chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi kasitadi wa mazira, chifukwa akakhala bwino palibe chomuposa, koma amaonongeka m'kuphethira kwa diso. Pa theka la lita la mkaka tengani zachikasu za mazira anayi kapena asanu, muzimenye pamodzi ndi shuga. Mkaka wotentha ndi umene umapita ku mazira, ukutsika pang'onopang'ono ngati kachingwe uku mukutakasa. Mazira akagwera mu mkaka wowira amangopsa ngati okazinga. Bwezerani pa moto wochepetsetsa. Kasitadi amalimba pa madigiri a Celsius pafupifupi 82 mpaka 85, ndipo akangowira ndiye kuti wapita. Ngati mulibe choyezera kutentha, viikani supuni mujambule mzere ndi chala kumbuyo kwake. Mzerewo ukapanda kutsekeka, phulani, musefe nthawi yomweyo.

Kirimu womenya wa pa keke amafuna zosiyana: kuzizira. Kirimuyo, mbale ndi chomenyera, zonse zichokere mu firiji. Akayamba kuima nsonga, lekani. Mukapitiriza amasanduka batala, ndipo akafika pamenepo sabwereranso. Akangoyamba kuoneka wa timibulu, thiranimo supuni ziwiri za kirimu wosamenya, musakanize ndi dzanja mofatsa, amasalala.

Msuzi wodulawo musamafulumire kutaya. Uphuleni, muthiremo mkaka wozizira pang'ono kapena kirimu, mumenye mwamphamvu; ngati muli ndi blenda, masekondi ochepa amakwana. Kasitadi amene wangoyamba kumene kudula amapulumukanso chimodzimodzi mukamusefa. Ndipo msuzi wotsala mukamaufunditsa mawa lake, muthiremo mkaka pang'ono, moto ukhale wapansi, supuni isachoke m'dzanja mpaka afunde. Mukayesa mudzandiuze mtundu wa tchizi ndi kirimu amene mwagwiritsa ntchito, kuti ngati pali pamene pavutabe tidzaonere limodzi.