Kodi ndigawe kalasi pawiri, ena kompyuta ena choko? Yankho kwa mphunzitsi wa fizikisi

Ndalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a fizikisi kusekondale amene ayamba maphunziro a digiri yachiwiri. Alemba motere: "Andiuza kuti ndipeze mutu wa kafukufuku wokhudza zipangizo zamakono pophunzitsa sayansi. Ndikuganiza zogawa kalasi yanga pawiri, ena aphunzire ndi kompyuta, ena ndi choko ndi bolodi, kenako ndione amene akhoze bwino. Kodi ofufuza akulowera kuti masiku ano, ndipo mutu wangawu uli bwino?"

Aphunzitsi, zikomo pondikhulupirira. Ndinena mosapita m'mbali: mutuwo musinthe. Funso lakuti pakati pa kompyuta ndi choko choposa chinzake ndi chiti lafunsidwa kwa zaka zoposa 40, ndipo yankho lake silithandiza munthu woima kutsogolo kwa kalasi. Kale mu 1983, katswiri wa zamaphunziro Richard Clark ananena kuti chipangizo chili ngati lole yonyamula chakudya: imafikitsa katundu pakhomo, koma amene wadya sanenepa chifukwa cha lole. Anthu ambiri anatsutsana naye, ndipo mkanganowo unapitirira zaka zambiri. Komabe pa mfundo imodzi Clark ananena zoona. Mukagawa kalasi pawiri, gulu la kompyuta likapambana, simudzadziwa ngati lapambana chifukwa cha kompyutayo, kapena chifukwa chakuti inuyo munakonzekera phunzirolo mwakhama, kapena chifukwa chakuti ana anagalamuka poona chinthu chachilendo.

Kuti muone kumene ofufuza afika, tiyambe ndi chimene chinawadzidzimutsa. Mu 1992, David Hestenes ndi anzake awiri ku Arizona, m'dziko la America, anatulutsa mayeso otchedwa Force Concept Inventory. Masiku ano ali ndi mafunso 30, ndipo mulibe masamu owerengera. Funso lina ndi lakuti lole yaikulu yawombana ndi galimoto yaing'ono. Ndi iti imene yakankha inzake ndi mphamvu yochuluka? Ophunzira ambiri amati lole. Newton anati mphamvu ziwirizo n'zofanana, ndipo ophunzira omwewo amatha kulakatula lamulo lachitatu la Newton osaphonya liwu. Eric Mazur, mphunzitsi wa fizikisi pa yunivesite ya Harvard, atamva kuti mayeso a mtundu umenewu akugwetsa ophunzira a m'mayunivesite ena, anaganiza kuti ake sangagwe nawo. Anawayesa, ndipo ambiri anapunthwa. Iye amasimba kuti wophunzira wina anamufunsa ngati ayankhe motsatira zimene anaphunzitsidwa kapena motsatira mmene iye mwini amaganizira. Apa ndiye pagona nkhani yonse: mwana amasunga fizikisi ziwiri m'mutu, ya mayeso ndi ya moyo wake, ndipo ya moyo wakeyo sigwedezeka ndi kumvetsera chabe.

Mu 1998 Richard Hake anasonkhanitsa zotsatira za makalasi 62, ophunzira 6,542. Anayeza motere: mwana akapeza malikisi 40 pa 100 asanaphunzire, atsala ndi 60 oti awonjezere. Akadzapeza 55 pamapeto, wawonjezera 15 mwa 60 aja, kutanthauza 0.25. Makalasi ongomvetsera mphunzitsi anawonjezera pafupifupi 0.23. Makalasi amene ophunzira ankalosera, kukambirana ndi kuyankha mafunso phunziro lili mkati anawonjezera 0.48, kuposa kawiri. Mu 2014 Scott Freeman ndi anzake anaphatikiza kafukufuku 225 wa maphunziro a sayansi, masamu ndi uinjiniya, ndipo anapeza kuti olephera anali pafupifupi 34 pa 100 aliwonse m'makalasi ongomvetsera, koma 22 okha m'makalasi amene ophunzira amagwira ntchito ndi mitu yawo.

Mwina mukuti ndasochera, chifukwa mpaka pano sindinatchule chipangizo. N'dala. Zipangizo zimene zapindula mu fizikisi n'zimene zinalowa m'njira imeneyi.

Chitsanzo chimene ndimachikonda n'cha kalekale, cha m'zaka za m'ma 1980. Ronald Thornton wa ku yunivesite ya Tufts ndi David Sokoloff wa ku yunivesite ya Oregon ankagwiritsa ntchito kachipangizo koyeza mtunda kolumikizidwa ku kompyuta. Wophunzira amaima patsogolo pake n'kuyamba kuyenda, ndipo galafu ya mtunda ndi nthawi imajambulika pomwepo pa sikirini. Akaima, mzere umagona. Akabwerera m'mbuyo kulinga kumene kuli kachipangizoko, mzere umatsika. Ndiye mphunzitsi amamupatsa galafu yojambula kale n'kumuuza kuti ayende mofanana nayo. Mwana amene ankaganiza kuti galafu yokwera ikuonetsa munthu akukwera phiri amazindikira ndi miyendo yake kuti si choncho. Choko sichingachite zimenezi, chifukwa pofika nthawi imene mwana wamaliza kulemba manambala ndi kujambula pamanja, waiwala kale mmene anayendera. Koma onani zimene awiriwa ankaumirira: mwana alembe kaye papepala zimene akuganiza kuti zichitika, akambirane ndi mnzake, kenako aone. Mu 2004 gulu la Mazur linatsimikiza kufunika kwa zimenezi. Ophunzira amene anangoonerera mphunzitsi akuchita chionetsero sanamvetse bwino kwenikweni kuposa amene sanachione n'komwe, pamene amene analosera kaye anapindula. Kulosera kumatenga mphindi zochepa, ndipo sikufuna magetsi.

Funde lotsatira linali la zoyeserera za pakompyuta. Carl Wieman, amene analandira mphoto ya Nobel ya fizikisi mu 2001, anayambitsa PhET, gulu la zoyeserera zotere, pa yunivesite ya Colorado Boulder mu 2002. N'zaulere, zambiri zimatseguka ngakhale pafoni, ndipo mutha kuzitsitsa n'kumazigwiritsa ntchito popanda intaneti. Tsegulani choyeserera cha magetsi muone. Mumakoka batire, waya ndi babu n'kulumikiza, ndipo babu limayaka. Chimene labotale yeniyeni singakuonetseni n'chakuti timadontho toimira ma electron timaoneka tikuyenda m'waya, tonse pamodzi, mbali zonse ziwiri za babu. Ana ambiri amakhulupirira kuti magetsi amalowa m'babu n'kuthera momwemo, kotero kuti waya wotuluka amanyamula ochepa. Pano amaona ndi maso kuti olowa ndi otuluka n'chimodzimodzi. Mu 2005 Noah Finkelstein ndi anzake anapeza chinthu chimene ambiri sanachiyembekezere: ophunzira amene anagwiritsa ntchito choyesererachi anakhoza bwino mafunso a magetsi kuposa amene anagwira mawaya enieni, ndipo atapatsidwa mawaya enieniwo anawalumikiza mofulumira kuposa anzawo aja.

Musathamangire kutseka labotale. Waya wa pakompyuta sachita dzimbiri, batire lake silifooka pokhapokha mutaliuza, ndipo muyeso umatuluka womwewo nthawi zonse. Sayansi yeniyeni ndi kuyeza kasanu n'kupeza manambala asanu osiyana, kenako n'kuganiza kuti ukhulupirire ati. Mu 2013 Ton de Jong, Marcia Linn ndi Zacharias Zacharia analemba m'magazini ya Science kuti njira ziwirizi zili ndi ntchito zosiyana, ndipo kuziphatikiza kumapindulitsa kuposa kudalira imodzi. Natasha Holmes ndi Wieman yemwe uja anaonjezera mfundo yowawa: labotale yongotsatira malangizo kuti utsimikize zimene buku lanena kale siiwonjezera kanthu pa malikisi a mayeso. Phindu lake limabwera ophunzira akamasankha okha mmene ayezere, n'kubwereza pofuna kukonza muyeso wawo.

Pa chifukwa chimenechi ndimasangalala ndi kafukufuku wa mafoni. Foni yamakono ili ndi tizipangizo toyeza kugwedezeka, kuwala, phokoso ndi maginito. Pulogalamu ya phyphox, imene inatuluka ku yunivesite ya RWTH Aachen ku Germany mu 2016, imatsegula tizipangizo timeneti kwaulere. Muli wotchi imene imayamba ikamva phokoso loyamba n'kuima ikamva lachiwiri. Ikani kachitsulo pansonga ya rula yotulukira m'mphepete mwa tebulo, menyani rulayo cham'mbali kuti kagwe, ndipo foni imva kumenyako ndi kugunda kwa pansi. Kugwa mamita 1.2 kumatenga pafupifupi theka la sekondi. Ana akawerengera g, mlingo wa mmene liwiro la chinthu chakugwa limawonjezekera, sapeza 9.8 ndendende, ndipo kukambirana chifukwa chake ndi phunziro lokoma kuposa yankho lenilenilo. Tracker, pulogalamu ya Douglas Brown, imachita zofananako ndi vidiyo ya mpira woponyedwa m'mwamba.

Za magalasi a VR, amene ukawavala umaona ngati uli mkati mwa malo opangidwa ndi kompyuta, ndinena mwachidule. Anthu akulemba zambiri, koma umboni ndi wosakanikirana. Guido Makransky ndi anzake mu 2019 anapeza kuti ophunzira ovala magalasiwa anamva ngati alidi m'labotale, koma anaphunzira zochepa poyerekeza ndi amene anachita phunziro lomwelo pakompyuta wamba.

Chenjezo limeneli mulisunge, chifukwa likukhudza kafukufuku wanu mwachindunji. Ofufuza ambiri oyamba kumene amagawa mapepala ofunsa ana kuti, "Kodi mwasangalala? Kodi mwamvetsa?" n'kulemba kuti njirayo yagwira ntchito. Derek Muller, pochita digiri yake ya PhD ku yunivesite ya Sydney, anapeza kuti ophunzira oonera vidiyo yofotokoza bwinobwino malamulo a Newton ankati yamveka, n'kuyamba kudzidalira kwambiri, koma malikisi awo sanasinthe kwenikweni. Vidiyo imene inkayamba ndi maganizo olakwika aja n'kuwatsutsa ankati njosokoneza, koma ndi imene inawaphunzitsa. Mu 2019 Louis Deslauriers ndi anzake ku Harvard anapeza zofanana m'kalasi: ophunzira amene ankagwira ntchito ndi mitu yawo ankadziona ngati aphunzira pang'ono, chonsecho pamayeso anaposa amene anamvetsera mphunzitsi wolankhula mosadodoma. Mwana akanena kuti wasangalala, mwamva za kusangalala kwake basi.

Maboma nawonso anaphunzira movutikira. Ku Peru anagawa malaputopu ambirimbiri m'sukulu za kumidzi pansi pa ndondomeko ya One Laptop per Child, ndipo kafukufuku amene anatuluka mu 2012 sanapeze kusintha pa masamu ndi kuwerenga. Lipoti la 2015 la OECD, bungwe la mayiko loona za chuma ndi chitukuko, linati mayiko amene anaika ndalama zambiri m'makompyuta a m'sukulu sanaonetse kukwera kooneka pa kuwerenga, masamu kapena sayansi. Lipoti la UNESCO la 2023 linadandaula kuti umboni wabwino wosakondera ndi wochepa, ndipo wambiri umachokera kwa ogulitsa zipangizozo.

Tsopano maso onse ali pa AI, mapulogalamu a pakompyuta otsanzira nzeru za munthu, monga ChatGPT ndi GPT-4. ChatGPT itatuluka mu Novembala 2022, Gerd Kortemeyer anaiyesa ndi ntchito ndi mayeso a kosi yoyamba ya fizikisi ya kuyunivesite, ndipo mu 2023 analemba kuti ikanakhoza movutikira, ikulakwitsa mofanana ndi wophunzira woyamba kumene. Kuyambira pamenepo yapita patsogolo kwambiri. Ku Harvard, Greg Kestin ndi anzake anakonza AI yophunzitsa fizikisi, n'kuipatsa mayankho olondola ndi malangizo oti izitsogolera wophunzira pang'onopang'ono, ndipo ophunzira anaphunzira zambiri m'nthawi yochepa kuposa m'kalasi. Koma ku Turkey, pa ana a sekondale pafupifupi 1,000 ophunzira masamu, amene anapatsidwa GPT-4 yopanda malire anachita bwino poyeserera, kenako atailandidwa pamayeso anatsika kuposa amene sanaigwirepo. Amene anapatsidwa yokonzedwa kuti izingolozera njira, osapereka yankho, sanagwe choncho. Makina ake ndi a mtundu umodzi, kusiyana kuli pa amene akuganiza, mwana kapena makinawo. Ine ndikuona kuti nkhani ya Hake ija yangobwera m'chovala china, ndipo zimandidetsa nkhawa kuona anthu akuyamba ngati zaka 30 za umboni kulibe.

Ndiye mutu wanu ukhale wotani? Sankhani ganizo limodzi lolakwika limene mumakumana nalo chaka chilichonse, monga la magetsi othera m'babu lija. Magulu onse awiri agwiritse ntchito PhET yomweyo, kwa nthawi yofanana, ndi mphunzitsi yemweyo. Kusiyana kukhale kumodzi: gulu lina lilembe zolosera ndi kutsutsana lisanakhudze sikirini, linalo lingotsatira pepala la malangizo. Kapena yesani dongosolo: oyamba ndi choyeserera n'kumaliza ndi mawaya enieni, poyerekeza ndi oyamba ndi mawaya. Kapenanso, ngati ana ndi ambiri pa chipangizo chimodzi, fufuzani ngati wogwira foni amaphunzira mofanana ndi oonerera kumbali kwake. Kafukufuku wambiri amene ndatchulayu anachitikira m'mayunivesite a ku America ndi ku Ulaya, pa ophunzira akuluakulu okhala ndi zipangizo zokwanira, choncho zochokera kusekondale ya kalasi yodzaza zili ndi malo ake.

Yezani ana musanayambe ndiponso mutamaliza, pogwiritsa ntchito mayeso ovomerezeka kale m'malo mopeka anu. Tsamba la PhysPort limasunga mayeso otere ndipo limawapereka kwa aphunzitsi akatsimikiza kuti ndi aphunzitsidi. A magetsi alipo otchedwa DIRECT. Bwerezaninso mayesowo pakatha milungu ingapo, chifukwa ganizo lakale limakonda kubwerera chidwi chikazirala. Ngati n'kotheka, mayankho achonge mphunzitsi mnzanu amene sakudziwa kuti mwana uyu anali gulu liti. Khalani pansi ndi ana angapo, afunseni afotokoze pakamwa chifukwa chimene ayankhira choncho, ndipo lembani mawu awo momwe awanenera. Mukapeza kuti palibe kusiyana pakati pa magulu awiriwo, lembani zomwezo, ndipo oyang'anira kafukufuku wanu muwauziretu zimenezi musanayambe kusonkhanitsa malikisi.