Ntchito Ikuchuluka Koma Ndalama Sizikuoneka: Mafunso a Owerenga pa Bizinesi

FUNSO: Alangizi, ndimakonza mafiriji, makina ochapira ndi zipangizo zina zamagetsi, ndipo ndatha zaka 6 pa ntchitoyi. Foni yanga sikhala chete. Ndimachoka m'mamawa n'kubwera usiku, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, koma mwezi ukatha ndimapezeka ndilibe choti ndisunge. Makasitomala ena ayamba kudandaula kuti ndimachedwetsa ntchito. Mnzanga akuti ndizitsatsa pa Facebook kuti bizinesi ikule. Ndiyambe?
Mmisiri wotopa

YANKHO: Achimwene, zotsatsazo ziyambe zadikira. Munthu amatsatsa akamasowa makasitomala, ndipo inu simukuwasowa. Mukaitana anthu ena pamene omwe muli nawo akudandaula kale, odandaulawo ndi amene achuluke, ndipo mbiri yoti uje amachedwetsa ntchito imafika kutali kuposa chithunzi chilichonse chomwe mungaike pa intaneti.

Wogulitsa katundu akaona kuti malonda akuyenda amakaoda wina. Inu mumagulitsa maola anu, ndipo kulibe kokaoda ena. Sabata ili ndi maola 168 kwa wina aliyense, ndiye muchotsepo ogona, opuma ndi ocheza ndi banja. Choncho funso lenileni si lakuti makasitomala ena muwapeza kuti ayi, koma lakuti maola omwe muli nawowo akupita kuti ndipo ndi angati amene akukulipirani.

Gulani kope laling'ono lokwana m'thumba. Kwa masabata awiri muzilembamo zonse: nthawi yomwe mwanyamuka, yomwe mwafika kwa kasitomala, yomwe mwagwira sikuludiraiva, yomwe mwamaliza. Mulembenso nthawi yosaka masipeya, yoyankha mafoni, yodikira pageti mwini nyumba kulibe, yobwerera kukakonzanso firiji yomwe yasiyanso kuziziritsa, ndi yolondola ngongole. Pamapeto pake muzungulize ndi cholembera maola okhawo amene munthu anakulipirani. Tiyerekeze kuti pa sabata mwagwira maola 60 ndipo olipidwa ndi 25 okha. Zikatero ndiye kuti ola lililonse lolipidwa likunyamula ola lina ndi kachidutswa lomwe mwagwira ulele. Ngati mtengo wanu sukuwerengera zimenezi, ndalama za kumapeto kwa mwezi zikutayikira pamenepa.

Amisiri ambiri amatchula mtengo poona wa mnzawo, pamene mnzawoyonso anaonera kwa wina, ndipo palibe anakhalapo pansi n'kuwerengera. Inu werengerani. Phatikizani zonse zomwe bizinesi imadya pa mwezi: lendi, thiransipoti, foni, gasi wa mafiriji, zida zomwe zimatha, msonkho. Onjezanipo malipiro anu, chifukwa nanunso ndinu wantchito wa bizinesiyo, komanso kangachepe kosungira tsiku lomwe chida chachikulu chidzawonongeke. Chiwerengerocho muchigawe ndi maola olipidwa a mwezi wonse, osati maola onse omwe mumakhala muli kalikiliki. Yankho lake ndiwo mtengo wotsikitsitsa wa ola lanu. Ntchito iliyonse yomwe mwalandira pansi pa mtengo umenewo, mwamulipirira kasitomala ndi inuyo.

Ndikudziwa chomwe chikukuopsani: mukakweza mtengo anthu athawa. Ena athawadi. Koma taonani masamu awa. Makasitomala 8 olipira mtengo wokwera ndi 25 peresenti amabweretsa ndalama zofanana ndendende ndi makasitomala 10 olipira mtengo wakale. Ndalama zomwezo, maulendo awiri achepa, ndipo mwapeza nthawi yomaliza ntchito za 8 aja pa tsiku lomwe munalonjeza. Akale okhulupirika muwauziretu mwaulemu mwezi usanafike, atsopano muwayambire mtengo watsopanowo lero lomwe.

Kope lija likuuzaninso chinthu china. Katswiri wa zachuma wa ku Italy, Vilfredo Pareto, anaona chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kuti pafupifupi 80 peresenti ya malo m'dzikolo inali m'manja mwa anthu 20 pa 100 aliwonse. Pambuyo pake katswiri wina wa kayendetsedwe ka ntchito, Joseph Juran, anatengera ganizoli m'mafakitale, n'kuonetsa kuti zolakwika zambiri zimachokera ku zifukwa zochepa chabe. Si lamulo loti manambala anu atuluka 80 ndi 20 ndendende, koma mukasanthula mupeza kuti ntchito za mtundu umodzi kapena iwiri ndi zimene zikukudyetsani, pamene zina zikungokudyerani tsiku. Mwina mafiriji a m'mashopu ndi m'malesitilanti ndi amene amalipira bwino, pakuti firiji ikaima eni ake amaluza katundu ola lililonse. Ngati zili choncho, pitani mukakambirane nawo kontirakiti yoti muziyendera makina awo miyezi itatu iliyonse asanawonongeke. Ndalama zodziwikiratu tsiku lobwera zimakhazika mtima pansi, ndipo ndi zomwe zimalola munthu kukonza za mawa.

Tsopano za kuchedwa. Ndikukayikira kuti manja anu ndi ochedwa. Chomwe ndikuganiza n'chakuti mumavomera aliyense amene waimba, n'kutsegula makina asanu ndi limodzi nthawi imodzi, lililonse likudikira kanthu kena. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ku fakitale ya Toyota ku Japan, Taiichi Ohno anakhazikitsa njira ya makadi yotchedwa kanban: gawo limodzi silipanga chinthu mpaka gawo lotsatira litatumiza khadi lochipempha, kuti zinthu zosamalizidwa zisaunjikane. Inu mukhoza kuchita zofanana ndi bolodi ndi choko. Gawani bolodi patatu: zodikira, zomwe zili m'manja, zomalizidwa. Pakatipo pasapitirire ntchito zitatu. Wina akaimba muli odzaza, muuzeni zoona kuti "Ndifika Lachinayi m'mawa," ndipo Lachinayilo mufikedi. Anthu ambiri amapirira kudikira tsiku lomwe auzidwa. Chomwe chimawapweteka ndi "ndikubwera pompano" wosatha.

Maulendo a dera limodzi muziwaika tsiku limodzi. Foninso isamakudukizeni muli pakati pa mawaya, chifukwa apo ndi pomwe munthu amaiwala kumanga waya n'kudzabwereranso ulele. Pa WhatsApp Business pali poika uthenga woyankha wokha. Lembanipo kuti mumayankha masana ndi madzulo. Ndipo tsiku limodzi pa sabata mupume, achimwene. Ntchito yanu ndi ya magetsi, ndipo mmisiri wotopa amaika moyo wake pachiswe. Izi zikakhazikika n'kuona kuti pabolodi payamba kuoneka mipata, mukatsatse, ndipo mutsatse ntchito zokhazo zomwe kope lakuonetsani kuti zimalipira.

FUNSO: Ndili ndi saluni ndipo ndimagwira ndekha. Ndikufuna kulemba wantchito, koma makasitomala amafuna manja anga okha. Ndikuopanso kuti ndikamuphunzitsa adzachoka nawo makasitomala anga.
Mayi wa saluni

YANKHO: Mayi, manja anu amafunidwa pa kuluka ndi kumeta, osati pa chilichonse. Kumasula tsitsi lakale, kutsuka, kuumitsa, kuchapa matawulo, kusesa, kulemba amene abwere mawa: zonsezi wina angathe kuchita inu mukuluka mutu wotsatira. Yambirani pamenepo. Mukatero mutu uliwonse ukudyerani nthawi yochepa, ndipo kasitomala achokabe atakongoletsedwa ndi inu.

Musanalembe munthu, sungani malipiro ake a miyezi itatu pambali, chifukwa miyezi yoyambirira mumataya nthawi pomuphunzitsa ndipo phindu limayamba latsika lisanakwere. Lembani papepala momwe mumafunira kuti ntchito iliyonse izichitikira, mpaka kutentha kwa madzi ndi momwe zipeso zimayeretsedwera, kuti musamakangane pa zomwe simunamuuze. Mulemberane pangano la ntchito, ndipo mufufuze zomwe malamulo a ntchito amanena pa malipiro otsikitsitsa ndi masiku a tchuthi.

Za kuchokazo, sindikunamizani: akhoza kudzachoka, monga momwe inunso munachokera komwe munaphunzira. Chomwe mungachite n'chakuti onse ofuna kubwera azilembetsa pa nambala ya saluni, ndipo wantchitoyo muzimulipira pa tsiku lake ndi kumuonjezera luso lake likamakula. Koma mantha amenewa asakuchititseni kumubisira ntchito. Wantchito wosaphunzitsidwa bwino amathamangitsa makasitomala akadali m'saluni mwanu momwemo, ndipo zimenezo ndi zoopsa kuposa kuchoka kwake.

FUNSO: Ndimajambula zithunzi pa maukwati ndi pa misonkhano. Ndikapereka zithunzi, ena amazimiririka osamaliza kulipira, ena amandibweza kambirimbiri kuti ndisinthe izi ndi izo. Nditani?
Wojambula wachinyamata

YANKHO: Mwanawe, vuto limayamba tsiku lokambirana, osati tsiku lolipira. Musanyamule kamera musanatumize uthenga wolembedwa wonena maola omwe mujambule, chiwerengero cha zithunzi, tsiku loperekera, mtengo wonse, komanso kuti kusintha kwaulere ndi kawiri kokha, kwachitatu kuli ndi mtengo wake. Kasitomala ayankhe kuti wavomera. Tsiku lisungidwe pokhapokha dipoziti italowa. Ambiri amatenga theka, ndipo n'zomveka chifukwa tsiku lomwelo mwakana anthu ena. Mukamaliza, muonetseni zithunzi zazing'ono zokhala ndi chidindo chanu pakati, zenizenizo zituluke ndalama yotsala ikalowa. Amene wakwiya ndi dipoziti mumusiye apite mwamtendere. Pomaliza, dipoziti si ndalama yanu mpaka ntchito itagwiridwa: muziyiika ku akaunti ya bizinesi, yosiyana ndi yomwe mumatapako za pakhomo, kuti mwambo ukalephereka muthe kubweza zomwe munagwirizana popanda kukakongola kwina.