Akuti ECC ndi ya maseva okha?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akufuna kulumikiza kompyuta ya pakhomo yosungiramo zithunzi za banja ndi mapepala a ntchito, ndiye akufunsa ngati motherboard wamba ingalandire RAM ya ECC, mtundu wa RAM umene umazindikira ndi kukonza zolakwika mu deta. Wogulitsa anawauza kuti "zimenezo ndi za maseva, musataye ndalama." Achimwene, mawu amenewo andikhudza pachilonda.

Nanenso ndinauzidwa zomwezo. Kompyuta yanga yakale sinkazima yokha, sinkaonetsa vuto lililonse. Tsiku lina ndikutsegula zithunzi za ukwati wa mchemwali wanga ndinapeza zina zili ndi mizere yotuwa, theka la nkhope kulibe. Ndinathamangira ku diski ya backup, nako chimodzimodzi. Mafayilo anawonongeka pokopedwa, ndipo backup inangosunga zowonongekazo mmene zinalili. MemTest86, pulogalamu yoyesa RAM, itayenda usiku wonse inapeza kuti RAM imodzi inali yodwala. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chakuti makinawo sanandichenjeze. Biti imodzi yatembenuka, 0 wasanduka 1, iwo ali zii.

ECC imatseka mpata umenewu. RAM wamba ya DDR4 imanyamula mabiti 64 pa nthawi imodzi, ya ECC imanyamula 72. Mabiti 8 owonjezerawo amathandiza kukonza biti imodzi ikalakwika, ndi kuzindikira akalakwika awiri. Kwa ine chachikulu si kukonzako ayi, koma kuti makinawo amalemba zimene zachitika, iwe n'kudziwa kuti RAM yayamba kufa zinthu zako zisanawonongeke. Ndipo nzeru yake si yachilendo, Richard Hamming anafalitsa masamu ake mu 1950 ali ku Bell Labs.

Ena amati zolakwika zotere zimachitika kamodzikamodzi. Kafukufuku wa mu 2009 pa maseva a Google anapeza kuti ma DIMM (timatabwa ta RAM) opitirira 8 pa 100 alionse ankakhala ndi cholakwika pa chaka. Kodi RAM ya m'nyumba mwanu ndi yopatulika kuposa ya Google? Mu Januwale 2021 Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, anadzudzula Intel poyera chifukwa chosungira ECC mapurosesa a maseva kwa zaka zambiri, ndipo ine ndimagwirizana naye. Kompyuta iliyonse imayenera kukhala ndi ECC, ngakhale ya mwana wasukulu. Zolemba za mphunzitsi sizichepa mtengo chifukwa choti sizili mu seva ya kampani.

Za DDR5, RAM imene inabwera pambuyo pa DDR4, nazo zimandikwiyitsa. Pabokosi amalemba "on-die ECC", munthu n'kumasangalala kuti wapeza. Imeneyo imangokonza zolakwika za mkati mwa chipu, siiteteza deta paulendo wopita ku purosesa, ndipo sikuuza kanthu. Ilipo chifukwa machipu achepa kwambiri moti popanda iyo sangadalirike. Palinso mawu ena oti muwaope m'buku la motherboard: "operates in non-ECC mode". Amatanthauza kuti RAM yanu yodulayo idzayaka bwinobwino koma osakonza kanthu.

Tsono mugule chiyani?

Zinthu zitatu zigwirizane: purosesa, motherboard ndi RAM. Mapurosesa ambiri a Ryzen a AMD amatha ECC ngati wopanga motherboard walola, ndipo ASRock ndi ASUS nthawi zambiri amalola, komabe werengani buku la mtundu weniweniwo musanalipire. Ma Ryzen a "G" pa motherboard za AM4 amafuna akhale a PRO. Kwa Intel, mapurosesa ena a Core kuyambira m'badwo wa 12 amatha, koma pa motherboard ya chipset ngati W680. RAM ikhale unbuffered ECC, chifukwa registered ya m'maseva sidzayaka n'komwe. Mukalumikiza, yatsani ECC mu BIOS, kenako pa Linux onani ngati EDAC, mbali ya Linux yolemba zolakwika za RAM, yaizindikira. Musangokhulupirira kuti poti kompyuta yayaka ndiye kuti ECC ikugwira ntchito.